Akuti Ndichepetse Thupi

Mayfair, Joni
12 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Pepani kwambiri kuti ndikukuvutitsani ndi kalata. Ndikudziwa kuti mukaweruka kumsika wa Limbe mumakhala mutatopa, ndipo maso anu sagwirizana ndi zilembo zing'onozing'ono. Ndayesetsa kulemba zikuluzikulu. Pafoni ndimalephera kunena zonse chifukwa foni ya achimwene imamveka nyumba yonse, ndipo ine ndikadziwa kuti anthu akumvetsera mawu amandithawa.

Choyamba ndifune kudziwa za moyo wanu ndi onse ku Soche. Kuno ine ndadzuka, Mulungu akundisunga.

Katunduyu ndapatsira a Laban, adalaivala aja anabweretsa wa pa Khirisimasi. Muli bulangeti, sopo, mafuta ophikira ndi nsapato zanu zakutchalitchi. Zikakuthinani musapatse munthu, zimamasuka. Kandalama kali m'nsapato yakumanzere, mukapereke kwa a Eliot atelala kuti ayambe kusoka diresi ya chinkhoswe changa. Muyeso munafunsa uja, tepi ndilibe, ndiye ndatumiza chingwe. Ayambire kumene ndapaka inki. Mfundo yoyamba ndi m'chiuno, yachiwiri pachifuwa, yachitatu m'munsimu. Constance, mtsikana wa ku Ndirande amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anandiyeza kawiri kuti tisalakwitse.

Ndinasangalala kumva kuti chithunzi changa munakaonetsa amayi a Mvano, komanso kuti a Hilda, azakhali awo a Paston, anaomba m'manja n'kunena kuti mpongozi wawo Joni yamuyanja, khosi lachita mizere. Ine ndinachita manyazi koma ndinakondwa.

Koma Amayi pali kanthu kena. Mutu wakhala ukundipweteka cha kunkhongoku, ndipo ndikakwera masitepe a nyumba ya abwana ndimapuma ngati ndasenza thumba la makala. Lachitatu Constance anandiperekeza kukiliniki. A nesi anandimanga pamkono chinthu chopopa chija, anayang'ana, n'kundimanganso. Kenako anandikweza pasikelo. Iwo amalankhula Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi, Constance ndiye ankandimasulira. Akuti bipi yanga ndi yokwera kwambiri kwa munthu wa msinkhu wanga, ndipo shuga naye ali pakhomo. Ndimayesa andibaya jekiseni. Anangondipatsa timapiritsi n'kunena kuti mankhwala enieni ndi oti ndichepetse thupi.

Ndinafunsa Constance ngati wamva bwino. Anati wamva bwino. Amayi, munthu angachire bwanji pochita kuwonda? Ine chikhalire ndimadziwa kuti wodwala ndi amene amawonda. Musauze munthu kaye.

Ndine mwana wanu,
Sellina

Mayfair
16 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kwazizira koopsa, madzi a pampopi akuchita kuluma zala. Ndamva kuti nsapato zakukwanani, ndathokoza.

Munati a nesiwo ndi ansanje, ndisawamvere. Ndinaganizira mawu anuwo. Koma iwowo ndi mayi wamkulu, onenepa kuposa ine, ndiye sindikudziwa kuti nsanje ingakhale ya chiyani.

Ndinabwererako ndipo anandijambulira mbale papepala. Akuti theka la mbale zikhale ndiwo zamasamba. Nsima ikhale yofanana ndi chibakera changa, osati cha munthu wina, changa. Mbali yotsalayo nyemba, dzira kapena kansomba. Ndinayang'ana chibakera changa, Amayi, ndi kakang'ono. Inu munkandimenya padzanja ndili mwana ndikamatapa ndiwo zambiri, munkati mwana wamkazi wankhuli sakhalitsa pabanja. Lero akuti ndiwo zichuluke kuposa nsima. Ndikamadya chomwecho ndimayang'ana kukhomo ngati ndikuba.

Zina ndi izi. Mchere pang'ono. Mafuta kasupuni kamodzi mumphika. Tiyi ndimathira shuga masupuni anayi, akuti ndizichotsa imodziimodzi mpaka ithe. Zakumwa za m'mabotolo ndisiye, ndizimwa madzi. Chipisi ndi buledi wa masoseji amene timagula pakona ndisiye. Zimenezi ndi zimene zinandinenepetsa, chifukwa kuno ndi zotsika mtengo kuposa masamba. Kamtolo ka sipinachi mtengo wake kwathu mungagule mpiru wodzaza beseni. Akutinso ufa wabwino ndi wosakonola. Mgaiwa, Amayi! Umene tinkabisa alendo akabwera.

Constance akungondiseka. Dzulo anati, "Iwe Sellina, unakwera basi kuwoloka malire atatu kudzadya masamba? Ku Soche bonongwe anatha?" Iye amadya chipisi chake patsogolo panga n'kumanyambita zala mokweza. Koma si woipa mtima, ndi amene amandikumbutsa mapiritsi.

Akutinso ndiziyenda. Ndinati ndimayenda tsiku lonse m'nyumba ndi mopu. Akuti kumeneko si kuyenda. Abwana anga a Tasnim ali ndi makina m'chipinda chawo, amakwerapo n'kumayenda mpaka thukuta koma osafika kulikonse. Ndimawapukuta fumbi makinawo. Ine ndayamba kutsika minibasi patali pang'ono ndi nyumba. Si masiku onse, chifukwa misewu ina kuno munthu wobwera sayenda yekha, makamaka galimoto ina ikaima pakona. Izi ndidzakuuzani pamaso.

Amayi, a nesi anafunsa ngati kwathu alipo anamwalira mwadzidzidzi. Ndinanena za Bambo, mmene anagwera kuntchito ku Makata, kukamwa n'kupotoka. Ndinati anthu anati anamenyedwa hamala ya afiti. Constance anavutika kumasulira hamalayo. A nesi anangogwedeza mutu n'kunena kuti zimenezo bipi imachita, ndipo imatsata magazi a pamtundu. Kodi Bambo ankadandaula mutu wa kunkhongo? Ine ndinali wamng'ono, sindikumbuka. Chonde mundiuze.

Mupereke moni kwa a Paston. Ndikumva awawonjezera mashifiti kugodauni.

Mwana wanu,
Sellina

Mayfair
28 Julaye 2024

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Chifuwa chija chinatha? Muzivala juzi popita kumsika m'mawa, mphepo ya ku Limbe mukuidziwa.

Za Bambo simunandiyankhe. Sindikukakamizani.

Ine ndili bwino, mwina kuposa kale. Mutu wasiya. Masitepe aja ndikukwera nditanyamula basiketi ya zochapa osaima pakati. Tiyi wopanda shuga ndazolowera, ngakhale amamvekabe ngati madzi otsukira mphika. Ndapeza mayi wina wa ku Mozambiki amene amagulitsa nkhwani ndi therere pafupi ndi siteshoni, amalankhula Chisena ngati agogo a ku Nsanje. Amanditcha mwananga ndipo amandiikira basela. Pasikelo akuti ndatsika makilo asanu ndi limodzi. A nesi anandiombera m'manja pamaso pa anthu onse a pamzere, ine ndinafuna kulowa pansi.

Chimene chandidabwitsa ndi abwana. Anandiitana pabalaza, anandizungulira, n'kundifunsa chinsinsi changa. Iwo amalipira ndalama zambiri mwezi uliwonse kwa munthu amene amangowauza kuti asadye. Tsopano akuti ndiziwaphikira zimene ndimadya ine. Sabata yatha anadya nkhwani wotendera, anajambula mbaleyo n'kutumizira anzawo. Kuno olemera ndi amene amawonda, ife antchito ndi amene timanenepa. Sindikumvetsa, koma ndi mmene ziliri.

Ndatumiza chingwe china chifukwa masiketi anga onse ndikumangira phini. Chonde mukapereke kwa a Eliot asanadule nsalu. Chakale chija ataye, kuopa angasokoneze. Mukawauze kuti kolala ndikufuna yosatsika kwambiri.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, lendi yakwera ndipo panali zina zoti ndikonze zokhudza pasipoti. Mulipire kaye madzi. Denga la kubafa lidikire.

Ndatha ine mwana wanu,
Sellina

Mayfair
25 Ogasiti 2024

Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndadzuka.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Pepani. Sindinadziwe kuti chingwe chingabweretse zonsezi. Ndinanena kuti chakalecho ataye. Sindinaganize kuti a Eliot angapachike zingwe ziwirizo pamsomali umodzi pakhonde, pamene aliyense wobwera kudzasoketsa akuona kuti china n'chachifupi. Komanso sindinadziwe kuti a Hilda amasoketsa komweko.

Mwati ku Soche anthu akunong'ona kuti mtsikana akawonda ku Joni chifukwa chake n'chimodzi. Mwati a Hilda anakufunsani pakhomo la tchalitchi kuti, "Mayi a Sellina, tiuzeni zoona tisanagule mbuzi." Amayi, ndinalira. Inu mukundidziwa. Ine kuno ndimachoka kuchipinda kupita kuntchito, kuchoka kuntchito kubwerera kuchipinda. Ngakhale wogulitsa m'shopu sindimuyang'ana kumaso.

Lolemba ndinapempha nthawi ndipo ndinakayezetsa magazi. Ndilibe kachilombo. Ndinaimbira a Paston kuwauza. Anati azakhali awo ananena kale kuti mapepala a ku Joni amachita kugula. Ndinati ndiye tidzayezetsere limodzi kumudziko. Anati, "Sellina, ine ndilibe nawe vuto. Koma azakhali ndi amene anandilera, sindingawatsutse. Ungonenepako pang'ono basi, chinkhoswe chidutse. Ukadzalowa m'nyumba udzawonde mmene ukufunira."

Constance anali pomwepo akusita yunifolomu yake. Anakuwa kuti, "Auze alamuwo kuti thupi si juzi yovala Loweruka n'kuvula Lolemba!" Ndinatseka foni ndi dzanja koma ndikuganiza kuti anamva, chifukwa anati mayunitsi atha.

Ndiye ndili pakati. Kuno akuti ndikanenepa ndidzagwa ngati Bambo. Kwanuko akuti ndikawonda ndiye kuti ndikudwala. Onse akuti akundifunira moyo. A Paston ndimawafuna, Amayi, mukudziwa kuti anandidikira nthawi yonseyi pamene ena akanakwatira kale. Ndiuzeni chochita, ndidzachita.

Sellina

Mayfair
15 Seputembala 2024

Okondedwa Amayi,

Moni. Katundu uja a Laban andipatsa. Chiponde mabotolo awiri, nsinjiro, zigumu ndi timapiritsi tonenepetsa ta m'kapepala tija munagula kumsika. Zigumu zinafika zitaphwanyika koma ndadya. Ndikudziwa kuti zonsezi munachotsa pa mpamba wa nyemba zanu, ndathokoza kwambiri.

Ndikuchita monga munanenera. Kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo. Palibe dzina pakapepalapo, ndiye sindikudziwa ngati n'zololedwa kumwera pamodzi ndi a kukiliniki. Pofuna kusasakaniza ndayamba ndaima kaye a kukilinikiwo. Tsiku langa lokaonana ndi a nesi linakwana koma sindinapite, ndikuchita nawo manyazi.

Njala ikundigwira ngati ndine anthu awiri. Ndabwerera kwa wachipisi uja, anandilandira ngati m'bale wake wotayika. Masaya ayamba kubwera. Constance akuti si kunenepa kumeneku, ndi kutupa, akuti nkhope yanga ikuoneka ngati mtanda wa mandasi. Tinakangana pang'ono, masiku ano sitikulankhulana kwenikweni. Abwana anandiyang'ana n'kufunsa ngati zonse zili bwino kwathu. Ndinati inde.

Ndajambulitsa chithunzi, ndatumiza pafoni ya achimwene. Mukaonetse a Hilda. Ndinavala majuzi awiri mkati, musawauze.

Mutu wayambiranso pang'ono, mwina ndi kutentha.

Mwana wanu,
Sellina

Mayfair
27 Okutobala 2024

Amayi,

Pepani kuti ndakhala chete. Pepaninso ndi zilembozi, dzanja silinabwerere bwinobwino. Musadandaule, ndili moyo ndipo ndikuyenda ndekha.

Ndinagwa kuntchito. Ndinkasita malaya a abwana aamuna, kenako khoma linayamba kuyenda ndipo mkono unachita dzanzi mpaka kuphewa. Zotsatira sindikuzidziwa. Malayawo anapsa. A Tasnim ndi amene ananditengera kuchipatala pagalimoto yawo, atavala masilipasi a m'nyumba. Ndinagonako. Adokotala akuti ndachita mwayi, chinthu chotchedwa sitiroko chinangondigunda n'kubwerera, koma sichibwerera kawiri.

Nditatuluka ndinapita kwa a nesi aja. Constance anatenga timapiritsi tija pansi pa pilo wanga osandiuza, n'kukatikhuthula patebulo pawo. A nesi anafunsa kuti wandipatsa ndani. Ndinati ndinagula ndekha. Sindinakutchuleni. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anavula magalasi n'kulankhula motsitsa. Constance anamasulira kuti, "Akufunsa kuti kwanu ukufuna kupita utakhala pampando wa basi, kapena m'thilela pamodzi ndi mafiriji a anthu." Sindikudziwa ngati a nesiwo ananenadi za mafiriji kapena anawonjezera ndi Constance. Koma iye ankalira pomasulirapo. Chaka chatha tinasonkhera mtsikana wina wa ku Bangwe, anapita choncho.

Amayi, sindikukuimbani mlandu. Munachita zimene mayi aliyense wa ku Soche akanachita. Amene anakugulitsaniwo mwina nawonso sadziwa.

Ndabwerera pa mbale ija. Chiponde ndapatsa ana a neba. Abwana sanandidule za malaya, koma anena kuti sangasunge munthu wodzipha yekha m'nyumba mwawo. Mawuwo ndawamva.

Ndamva kuti chithunzi chija a Hilda anachikonda ndipo tsiku la chinkhoswe alisiya pomwepo, Loweruka la pambuyo pa Khirisimasi. Ndiye tsopano akudikira munthu wa pachithunziyo, ndipo munthuyo kulibe. Kutupa kukuphwa tsiku ndi tsiku. A Paston sindinawauze kuti ndinagwa. Ndikayamba kulemba uthenga ndimafufuta.

Mwezi uno sindituma kanthu, mundikhululukire.

Sellina

Mayfair
24 Novembala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene. Mvula yayamba kumeneko? Ine ndili bwino. Dzanja labwerera, onani zilembo. Bipi akuti yatsika, yatsala pang'ono kufika pamene akufuna. Lamulungu lapitali ndinayenda wapansi kupita kutchalitchi ndi kubwerera, ndipo ndinaimba nyimbo yonse osapumira pakati.

Zikomo pondiuza za Bambo. Sindinkadziwa kuti ankamanga kansalu konyowa kumutu akaweruka, kapena kuti kuchipatala anawapatsako mapiritsi, iwo n'kusiya kumwa. Ndikudziwa kuti sizinali zapafupi kulemba. Mwati inu mukukhulupirirabe kuti panali dzanja la munthu. Mwina. Ine sindikudziwa.

Tsopano za maganizo anu aja. Mwati ndibwere mwakachetechete kumayambiriro kwa Disembala, ndisafike ku Soche, nditsikire ku Limbe n'kukabisala kwa amayi aang'ono ku Mpingwe. Kumeneko azindidyetsa phala la nsinjiro, mkaka ndi nyama ya mafuta mpaka thupi lidzaze diresi, osamwa mapiritsi a kumsika, chakudya chokha. Kenako ndidzaonekere ngati ndangotsika basi. Mwati amayi aang'ono avomera kale ndipo ayala mphasa kuchipinda cha kuseri.

Ndaganiza sabata yonse. Ndinayamba kalata yovomera, ndinaing'amba. Amayi, chibadwire sindinakukanireni kanthu. Munati ndisiye sukulu ndithandize kumsika, ndinasiya. Munati ndipite ku Joni, ndinapita. Koma ku Mpingwe sindipita. Pepani. Sindikudziwa ngati ndikulondola. Mwina ndikutaya banja chifukwa cha mawu a munthu amene ngakhale chilankhulo chake sindichimva. Koma pansi paja ndinagwapo ndine, ndipo ndikukumbuka mmene matailosi ankazizirira patsaya.

Dzulo ndinaimbira a Paston n'kuwauza zonse, za kugwa, za majuzi awiri, zonse. Ndinawauza kuti ine ndi wochepa thupi tsopano ndipo ndikhala choncho. Anati, "Ndiye azakhali ndikawauza chiyani?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Bwanji sunandiuze kuti unagwa?" Ndinati ndimaopa. Anapuma mwamphamvu, kenako wina anawaitana kuti lole yafika, anati aimbanso. Mpaka pano sanaimbe. Constance akuti mwamuna akafunsa funso lachiwirilo ndiye kuti alipo. Ine sindikudziwa amuna.

Tikiti ndagula. Basi ikufika ku Wenela Lachisanu pa 13 Disembala, akuti cha kumasana ngati pa Mwanza sitichedwa. Ndidzatsika pomwepo, ndidzakwera minibasi ya ku Soche dzuwa likuswa mtengo, ndipo Lamulungu ndidzakhala pa benchi yathu kutchalitchi. Amene akufuna kundiona adzandione. A Paston ndawatumizira uthenga wa tsiku ndi malo. Akadzabwera kudepoti, Lolemba tidzapitira limodzi kukayezetsa, a Hilda akafuna atiperekeze. Akapanda kubwera, ndiye kuti ndamva, ndipo amalume akabweze zimene analandira mwaulemu, popanda kutukwanizana.

Chimene chikundisowetsa mtendere si iwowo ayi. Ndi inu. Ndikudziwa kuti muchita manyazi kuyenda nane pamsewu wa kutchalitchi anthu akuloza. Sindikudziwa ngati mudzabwere kudzandichingamira, kapena ndidzanyamule ndekha zikwama. Mukabwera musandifunefune pakati pa onenepa. Ndidzavala duku lobiriwira.

A Laban akubwerera kuno sabata yamawa. Chonde, Amayi, muwapatsire yankho, ngakhale mzere umodzi wokha, ndidziwe ndisanakwere.

Ndine mwana wanu yemwe uja,
Sellina